Mphotho za Opeka Nyimbo ndi Moyo wa Chiyankhulo: Chitsanzo cha ku New Zealand

1. Mau Oyamba

Pamene ife ofufuza za ziyankhulo tikambirana njira zotetezera ndi kukwezera ziyankhulo zathu, kawirikawiri maganizo athu amathamangira ku sukulu, ku mabuku otanthauzira mau, ku malamulo a kalembedwe ndi ku nyumba zoulutsira mau. Nkoyenera kutero, pakuti m'menemo ndimo muli ntchito yathu ya tsiku ndi tsiku. Komabe alipo malo ena pamene chiyankhulo chimakwezedwa kapena kutsitsidwa pamaso pa khamu la anthu, amene sititchula kawirikawiri pa misonkhano yonga uno. Malo amodzi otere ndi mwambo wa chaka ndi chaka wopereka mphotho kwa opeka nyimbo.

Cholinga cha nkhani ino ndi kulongosola m'mene mwambo umodzi wotere umayendera, ndiponso kuonetsa chimene umachita pa chiyankhulo. Chitsanzo chathu tachitenga kutali, ku New Zealand, chifukwa kumeneko bungwe limodzi limapereka pa mwambo umodzi mphotho ziwiri zimene zikutikhudza. Yoyamba ndi ya nyimbo yopekedwa mwaluso koposa m'dziko lonselo, ndipo yachiwiri ndi ya nyimbo yamakono ya m'Chimaori, chiyankhulo cha eni nthaka a dzikolo. Mphotho ziwirizi zayendera limodzi kwa zaka zoposa 20, motero zikutipatsa mpata woyesa funso limene ifenso tili nalo: kodi chiyankhulo chikapatsidwa gawo lakelake pa mpikisano, chimakhala kuti chakwezedwa kapena chatsekeredwa m'khola? Tiona kuti yankho lake lagona pa zinthu ziwiri, ndizo kutseguka kwa khomo la mphotho yaikulu ndi kupezeka kwa oweruza ochidziwa bwino chiyankhulocho.

2. Wopeka ndi Woimba

Tisanafike ku New Zealand nkofunika kumasulira mau athu. M'Chichewa muli aneni awiri osiyana, kupeka ndi kuimba. Mneni kuimba ndi wotakata, pakuti timaimba nyimbo pakamwa, timaimbanso ng'oma, bangwe, kaligo, ngakhale belu ndi lamya. Mneni kupeka ndi wopapatiza, ndipo amanena za kutulutsa m'mutu chinthu chimene kunalibe. Nchifukwa chake mneni yemweyu amagwiranso ntchito pa bodza: munthu akanena zimene sizinachitike timati wangopeka.

Zotere sizili m'Chichewa mokha. M'Chizulu mneni ukuqamba amanena za kupeka nyimbo, za kutcha mwana dzina, ndiponso za kunama m'mau akuti ukuqamba amanga. Wopeka nyimbo ndi umqambi. M'Chiswahili wopeka ndi mtunzi, kuchokera ku mneni kutunga, amene tsinde lake ndi lomwe lija tili nalo ife ponena za kutunga mikanda. Chimaori sichili pa ubale ndi ziyankhulo za Chibantu. Icho ndi cha ku Polynesia, m'banja lalikulu la Austronesia, banja lomwe muli Chimalagasi cha pa chilumba cha Madagascar. Ngakhale zili choncho, mneni wa Chimaori tito amatanthauza kupeka nyimbo ndiponso kupeka bodza, monga momwe zilili m'Chichewa ndi m'Chizulu. Akaphatikizidwa ndi mphatikiram'mbuyo kai-, amene amasonyeza wochita ntchito, timapeza dzina kaitito, wopeka, losiyana ndi kaiwaiata, woimba. Kufanana kumeneku kukutiuza kuti anthu a mitundu yotalikirana anazindikira kalekale kuti kupeka ndi ntchito ina, kuimba ndi ntchito inanso.

Kusiyanitsaku kuli ndi ndalama m'kati mwake. Nyimbo ikaulutsidwa pa wailesi kapena kuimbidwa pa malo a malonda, malamulo a umwini amafuna kuti wopeka alipidwe, ndipo pali mabungwe amene ntchito yao ndi kutolera ndalamazo ndi kuzigawa. Ku South Africa bungwe lotere ndi SAMRO, lokhazikitsidwa m'chaka cha 1961, ndipo ku Malawi ndi COSOMA, lokhazikitsidwa m'chaka cha 1992 potsatira lamulo la 1989. Mabungwe amenewa amalipira munthu amene dzina lake lalembedwa kuti ndiye wopeka. Dzina likasowa pa kaundula, ndalama nazo zimasowa.

Chigawo chathu chikudziwa bwino mtengo wa dzina losowa. Solomon Linda anapeka "Mbube" ndi kuijambulitsa ndi gulu lake la Evening Birds ku kampani ya Gallo mu mzinda wa Johannesburg m'chaka cha 1939. Nyimboyo itafika ku America, Pete Seeger anamva molakwika liu lina la Chizulu la m'nyimboyo, ndipo m'kumva kolakwikako munatuluka mutu wakuti "Wimoweh". M'chaka cha 1961 gulu la The Tokens linaitulutsa ndi mau a Chingerezi pa mutu wakuti "The Lion Sleeps Tonight", ndipo maina amene analembedwa ngati a opeka anali a anthu ena. Linda anamwalira ali wosauka m'chaka cha 1962, ndipo mpaka m'chaka cha 2006 ndi pamene banja lake linapangana ndi osunga umwini wa nyimboyo kuti dzina lake livomerezedwe ndi kuti ana ake alandireko gawo. Pamene chiyankhulo cha nyimboyo chinafufutika, dzina la mwini wake linafufutika nacho limodzi. Mphotho ya wopeka, tsono, ndi njira imodzi yolembera dzina limeneli poyera.

3. Mphotho ya Silver Scroll

Bungwe lotolera ndalama za opeka nyimbo ku Australia ndi ku New Zealand ndi APRA, limene linayamba m'chaka cha 1926. Nthambi yake ya ku New Zealand inayambitsa mphotho ya Silver Scroll m'chaka cha 1965, ndipo woyamba kuilandira anali Wayne Kent-Healey chifukwa cha nyimbo yake "Teardrops". Pali zinthu zitatu zimene zimasiyanitsa mphotho imeneyi ndi mipikisano ya oimba imene tinazolowera.

Choyamba, mphothoyi imapita kwa wopeka, osati kwa woimba kapena kwa kampani yojambula. Pamene nyimbo ya "Royals" inapambana m'chaka cha 2013, aulemuwo anali Ella Yelich-O'Connor ndi Joel Little. Dziko lonse limamudziwa mtsikanayo ndi dzina lake la pa nsanja lakuti Lorde, koma pa mwambo umenewu analemekezedwa monga mmodzi wa opeka awiri, mofanana ndi mnzakeyo amene liu lake anthu ambiri salidziwa. Dave Dobbyn analandira mphothoyi katatu, m'zaka za 1987, 1993 ndi 1998.

Chachiwiri, osankha wopambana ndi opeka anzake, mamembala a bungwelo, mwa kuponya voti. Kuchuluka kwa mbale zogulitsidwa sindiko kumagamula. Ichi chimachititsa kuti mphothoyi ikhale chiweruzo cha amisiri pa ntchito ya mmisiri mnzao.

Chachitatu, pa usiku wa mwambowo nyimbo zimene zafika m'ndime yotsiriza siziimbidwa ndi eni ake. Zimaperekedwa kwa oimba ena, amene amaziimba m'njira yaoyao, nthawi zina mosiyana kwambiri ndi m'mene zinajambulidwira. Mwambo umenewu uli ndi phunziro lake. Nyimbo ikavulidwa liu la mwini wake ndi zipangizo zimene anazolowera omvera, chotsala ndi mau ndi maimbidwe ake, ndipo izi ndizo zimene wopeka anapanga.

M'kupita kwa zaka bungweli linaonjezera mphotho zina pa mwambo womwewo: ya SOUNZ, ya nyimbo zamakono zolembedwera magulu a zoimbira ndi makwaya, m'chaka cha 1998, ya Maioha m'chaka cha 2003, ndi za nyimbo za m'mafilimu pambuyo pake. Ife tikhazikika pa Maioha, koma kuti timvetse chifukwa chake inafunika tiyenera kuona kaye m'mene Chimaori chinalili.

4. M'mene Chimaori Chinalili

Lamulo la sukulu za Amaori la 1867 linaika Chingerezi patsogolo monga chiyankhulo chophunzitsira, ndipo ana ambiri a mibadwo yotsatira ankalangidwa akayankhula Chimaori pa sukulu. Nkhondo yachiwiri ya dziko lonse itatha, Amaori ambiri anasamukira m'mizinda kukafuna ntchito, kumene anakhala pakati pa oyankhula Chingerezi. Makolo ambiri analeka kuyankhula Chimaori ndi ana ao poganiza kuti akuwakonzera tsogolo. Kafukufuku amene Richard Benton anachita m'zaka za m'ma 1970 anapeza kuti pafupifupi Mmaori mmodzi yekha mwa asanu alionse ndiye ankachiyankhula bwino, ndipo ambiri a iwo anali okalamba.

Kudzuka kunayamba m'zaka zomwezo. Pa 14 September 1972 chikalata chosainidwa ndi anthu oposa 30,000 chinaperekedwa ku Nyumba ya Malamulo ku Wellington, chopempha kuti Chimaori chiziphunzitsidwa m'sukulu. M'chaka cha 1982 kunatsegulidwa kōhanga reo yoyamba. Mauwa amatanthauza chisa cha chiyankhulo, ndipo amanena za sukulu ya mkaka kumene agogo odziwa Chimaori amalera ana aang'ono m'chiyankhulocho tsiku lonse. M'chaka cha 1987 lamulo linavomereza Chimaori kukhala chiyankhulo cha boma, ndipo linakhazikitsa bungwe lochiyang'anira lotchedwa Te Taura Whiri i te Reo Māori. Wailesi yakanema ya Amaori inayamba kuulutsa m'chaka cha 2004.

Nyimbo zinali m'kati mwa nkhondo imeneyi kuyambira pachiyambi. Mai Ngoi Pēwhairangi a ku Tokomaru Bay, a fuko la Ngāti Porou, anali mphunzitsi wa chiyankhulo ndiponso wopeka nyimbo. Iwo pamodzi ndi Mai Kāterina Mataira anakonza njira yophunzitsira akuluakulu Chimaori yotchedwa Te Ataarangi. Ndiwo analemba mau a "Poi E", ndipo Dalvanius Prime anapeka maimbidwe ake. Nyimboyo inaimbidwa ndi gulu la Pātea Māori Club, la m'tauni imene fakitale yake ya nyama, yomwe inkalemba ntchito anthu ambiri, inatsekedwa m'chaka cha 1982. Cholinga cha opekawo chinali chakuti achinyamata a m'mizinda amve chiyankhulo cha makolo ao m'maimbidwe a masiku ao. M'chaka cha 1984 "Poi E", nyimbo ya m'Chimaori chokhachokha, inakhala pamwamba pa mndandanda wa nyimbo zogulidwa kwambiri m'dzikolo kwa masabata 4. Komabe sinalandire Silver Scroll, ndipo pa nthawiyo panalibe mphotho ina pa mwambowo imene ikanalemekeza luso la mau ake. Mai Pēwhairangi anamwalira m'chaka cha 1985. Ulemu wa pa mwambo wa APRA unawapeza m'chaka cha 2022, pamene iwo ndi Mai Tuini Ngāwai, mbale wao amene anawaphunzitsa kupeka, analowetsedwa m'kaundula wa akatswiri osaiwalika a nyimbo za dzikolo.

5. Mphotho ya Maioha

Liu lakuti maioha limanena za malonje achikondi kapena chizindikiro cha ulemu. Mphotho ya dzinali inaperekedwa koyamba m'chaka cha 2003 kwa Ngahiwi Apanui chifukwa cha nyimbo yake "Wharikihia". Mkuluyu anali m'gulu loimba la Aotearoa m'zaka za m'ma 1980, ndipo pambuyo pake anadzakhala mkulu wa Te Taura Whiri i te Reo Māori. Moyo wa munthu mmodziyu ukuonetsa m'mene ntchito yopeka nyimbo ndi ntchito yokweza chiyankhulo zinalukanirana kumeneko.

Tikaona mndandanda wa opambana kuyambira chaka chimenecho, tikupeza ntchito zitatu zimene mphothoyi yagwira.

Yoyamba ndi kutchula dzina la mwini mau. Oimba ambiri a Chimaori a m'badwo uno amagwira ntchito ndi akatswiri a chiyankhulo polemba mau a nyimbo zao. Popeza mphothoyi ndi ya opeka, katswiri wotereyo amalembedwa ndi kulemekezedwa pamodzi ndi woimbayo. M'chaka cha 2013, mwachitsanzo, Maisey Rika anagawana mphothoyi ndi Te Kahautu Maxwell, mphunzitsi wa pa yunivesite wodziwa za chiyankhulo ndi miyambo, ndiponso ndi Mahuia Bridgman-Cooper. Pa mpikisano wa oimba anthu awiri otsirizawa sakadaitanidwa ku nsanja.

Yachiwiri ndi kukulitsa mabwalo amene chiyankhulo chimamvekamo. Mphothoyi ndi ya nyimbo zamakono, ndipo siikakamiza wopeka kutsata maimbidwe a makolo. M'chaka cha 2017 inapita kwa anyamata atatu a gulu la Alien Weaponry, onse osafika zaka 20, amene amaimba nyimbo zaphokoso za magitala amagetsi za mtundu wa heavy metal. Nyimbo yao "Raupatu" imanena za kulandidwa kwa malo a Amaori ndi boma la atsamunda potsatira lamulo la 1863. Ife ofufuza timadziwa kuti chiyankhulo chimayamba kufa pamene chatsala m'mabwalo ochepa, monga pa maliro ndi pa miyambo ya akuluakulu pokha. Mphotho imene inavomereza Chimaori m'kamwa mwa anyamata a magitala amagetsi inalengeza kuti chiyankhulocho chili ndi malo ponseponse.

Yachitatu ndi kusunga mbiri. Chaka chilichonse nyimbo zimatumizidwa, zimamvedwa, zimasankhidwa, ndipo maina a opeka amalembedwa. Patapita zaka 20 wofufuza ali ndi nkhokwe ya mau yokhala ndi zaka zake ndi eni ake, imene angaonemo m'mene mau atsopano akulowera, m'mene kayankhulidwe ka mafuko osiyanasiyana kakuonekera, ndi m'mene m'badwo wophunzira chiyankhulo ku sukulu ukusiyanira ndi umene unachiyamwa.

6. Ubwino ndi Kuopsa kwa Gawo Lapadera

Otsutsa gawo lapadera ali ndi mfundo yomveka. Pa mwambo umodzi pakakhala mphotho ya nyimbo yopambana zonse ndi ina ya nyimbo ya m'chiyankhulo chakutichakuti, omvera angathe kuganiza kuti yoyambayo ndi ya akuluakulu ndipo yachiwiriyo ndi yongotonthoza. Oponya voti nao angathe kulambalala nyimbo ya m'Chimaori pa mphotho yaikulu poganiza kuti ili kale ndi kwao. Zikatero Chingerezi chimakhala chiyankhulo chosafuna kutchulidwa dzina, pamene chinzake chimavala chizindikiro pamphumi.

Ovomereza gawoli nao ali ndi mfundo yao. Kalembera wa 2018 anaonetsa kuti pafupifupi anthu 4 okha mwa 100 alionse m'dzikolo ndiwo ankatha kucheza m'Chimaori. M'dziko lotere, mphotho yogamulidwa ndi voti ya opeka onse imaika nyimbo ya m'Chimaori pamaso pa anthu ambiri amene angamve maimbidwe ake koma osamva mau ake. Theka la ntchito ya wopekayo limakhala lobisika kwa iwo. Popanda gawo lapadera, luso la mau silikhala ndi poonekera.

Zimene zinachitika m'zaka zotsatira zikutithandiza kuyesa mfundo ziwirizi. M'chaka cha 2019 Mai Hinewehi Mohi, amene zaka 20 m'mbuyomo anautsa mtsutso poimba nyimbo ya fuko m'Chimaori chokha pa mpikisano wa dziko lonse wa mpira wa rugby ku England, anatsogolera chimbale chotchedwa Waiata/Anthems. M'chimbalemo oimba otchuka anajambulanso nyimbo zao za Chingerezi m'Chimaori, mothandizidwa ndi katswiri wa chiyankhulo Tīmoti Kāretu, ndipo chinafika pamwamba pa mndandanda wa zimbale. M'chaka cha 2022 Silver Scroll yeniyeniyo inapita kwa Rob Ruha ndi anzake chifukwa cha "35", nyimbo ya Chingerezi ndi Chimaori yotchedwa dzina la msewu waukulu wozungulira gombe la kum'mawa kwa chilumba cha kumpoto, imene inaimbidwa ndi kwaya ya achinyamata ya Ka Hao. Rob Ruha yemweyu anali atalandirapo Maioha m'zaka za m'mbuyo. M'chaka cha 2024 mphotho yaikuluyo inapita kwa Anna Coddington ndi anzake chifukwa cha "Kātuarehe", imenenso ili ndi Chimaori. Motero gawo lapadera silinasanduke khola, popeza wopeka wa m'Chimaori sanaletsedwe kupikisana nao pa mphotho yaikulu, ndipo amene anakulira m'gawo laling'onolo anaoloka.

Koma tichenjere kuti tisapatse mphotho ulemu umene suli wake. Ana amene analowa kōhanga reo m'chaka cha 1982 anali atapitirira zaka 20 pamene Maioha inkayamba. Opeka, oweruza ndi omvera anachokera m'sukulu, m'mawailesi a mafuko ndi m'magulu a magule amene anakonzedwa kale. Mphotho inakolola zimene ena anafesa, kenaka inalimbikitsa ofesa atsopano. Pamene palibe munda, nkhokwe yokha siidyetsa mudzi.

7. Zimene Zikukhudza Chigawo Chathu

Tikabwerera kwathu tiyenera kuyamba ndi kusiyana kwakukulu. Chichewa, Chishona, Chibemba ndi Chizulu sizili pa malo a Chimaori. Oziyankhula ndi mamiliyoni, ndipo nyimbo zokondedwa m'maiko athu zambiri zili m'ziyankhulo zimenezi. Kuika gawo la nyimbo ya m'Chichewa pa mpikisano wa ku Malawi kungakhale kutsitsa chiyankhulo chimene chili kale pakati pa bwalo.

Zimene zili pa malo a Chimaori ndi ziyankhulo zimene zikugonja kwa zinzake zazikulu za Chibantu chomwe. Angoni a Zwangendaba anaoloka Zambezi m'chaka cha 1835, ndipo lero zidzukulu zao zambiri ku Mzimba zimayankhula Chitumbuka, ndipo ku Chipata Chinsenga ndi Chinyanja. Chingoni chatsalira makamaka m'nyimbo za ingoma, m'mau otamanda mafumu ndi pa miyambo monga Nc'wala, imene inatsitsimutsidwa m'chaka cha 1980. Alomwe ambiri a kum'mwera kwa Malawi anakula osachidziwa Chilomwe. Ku Malawi mfundo ya 1968 inaika Chichewa kukhala chiyankhulo cha fuko ndi kuchotsa Chitumbuka pa wailesi, ndipo Chitumbuka chinabwereranso m'chaka cha 1994, kenaka ziyankhulo zina zinatsatira. Ku Zimbabwe malamulo oyendetsera dziko a 2013 anavomereza ziyankhulo 16, kuphatikizapo Chichewa, Chikalanga, Chinambya ndi Chitonga. Wopeka nyimbo yatsopano m'chimodzi cha ziyankhulo zing'onozing'onozi ali m'vuto lomwe lija la wopeka wa Chimaori: oweruza a mu likulu la dziko amamva ng'oma zake koma samva mau ake.

Mipikisano ikuluikulu ya m'chigawo chathu, monga South African Music Awards imene inayamba m'chaka cha 1995, ndi National Arts Merit Awards ya ku Zimbabwe imene inayamba m'chaka cha 2002, yakhala ikutchukitsa kwambiri woimba ndi chimbale chake. Ngati mabungwe a opeka m'maiko athu angafune kukhazikitsa mphotho za opeka zoganizira chiyankhulo, chitsanzo cha ku New Zealand chikutipatsa mfundo zinai.

Yoyamba: gawo lapadera lisatseke khomo la mphotho yaikulu. M'chigawo chino tikukumbukira kuti Radio Bantu, imene boma la tsankho la South Africa linakhazikitsa m'chaka cha 1960, inapatsa ziyankhulo za anthu akuda mawailesi aoao ndi cholinga cholekanitsa anthu mwa mitundu. Gawo la chiyankhulo lingathe kukhala chida cha tsankho ngati wolowamo saloledwa kutulukamo.

Yachiwiri: oweruza akhale ochidziwa chiyankhulocho. Pano vuto lathu ndi lalikulu kuposa la Amaori. Chimaori chili ngati Chichewa pokhala ndi malembo a liu asanu ndi maphatikizo othera ndi lembo la liu, koma sichisiyanitsa matanthauzo mwa kukweza ndi kutsitsa liu monga zimachitira ziyankhulo zambiri za Chibantu. M'Chichewa mtengo wa m'nkhalango ndi mtengo wa pa msika zimalembedwa mofanana koma zimamveka mosiyana. Wopeka waluso amadziwa pamene maimbidwe ayenera kutsata kukwera ndi kutsika kwa mau, ndi pamene angakupotoze mwadala kuti liu limodzi linene ziwiri. Onjezerani pamenepa mivekero, miyambi ndi zining'a, zimene opeka athu akhala akubisamo chidzudzulo chimene sichikanatheka kunenedwa poyera. Woweruza wosamva chiyankhulocho sangathe kuona chilichonse mwa izi, ndipo kumasulira mau a nyimbo m'Chingerezi kumazitaya zonse.

Yachitatu: malamulo a mpikisano anene momveka za nyimbo zosakaniza ziyankhulo. Nyimbo ya ku Lusaka ingathe kukhala ndi Chinyanja, Chibemba ndi Chingerezi m'ndime imodzi, ndipo ya ku Johannesburg ingathe kukhala ndi zinai. Taona kuti "35" inafika pa mphotho yaikulu ili ndi ziyankhulo ziwiri. Kusakaniza ndi kayankhulidwe keniweni ka m'mizinda yathu, ndipo lamulo lofuna chiyankhulo chosasakanizika lingathe kuthamangitsa achinyamata omwe tikuwafunawo. Komanso lamulo lolekerera lingalole nyimbo yokhala ndi liu limodzi lokha la Chilomwe kutenga mphotho ya Chilomwe. Kuika malire pakati pa ziwirizi ndi ntchito ya akatswiri a ziyankhulo.

Yachinai: onse amene anapeka alembedwe maina. Nyimbo zambiri zamakono zimatenga mau kapena maimbidwe kuchokera pa mtondo, pa chinamwali kapena pa bwalo la gule, ndi kulembedwa kuti ndi za makolo, chikhalirecho m'mudzimo anthu akumudziwa mai kapena bambo amene anaipeka. Mpikisano wofunsa mosamala za gwero la nyimbo ungathandize kuti zimene zinamuchitikira Solomon Linda zisachitike pakati pa ife tokhatokha.

8. Mau Otsiriza

Taona kuti mphotho ya wopeka imasiyana ndi ya woimba chifukwa imaweruza mau ndi maimbidwe, ndipo poweruza mau imaweruzanso chiyankhulo, kaya okonza mwambowo akudziwa kaya sakudziwa. Ku New Zealand gawo lapadera la Chimaori linapindula chifukwa linamangidwa pa ntchito ya sukulu ndi mawailesi, linalandira maimbidwe a mtundu uliwonse, ndipo silinatsekere opeka ake kunja kwa mphotho yaikulu. Kwa ife phunziroli likukhudza makamaka ziyankhulo zing'onozing'ono zimene nyimbo ndiyo yatsala ngati mosungira mwake. Tikupempha kuti mamembala a bungwe lathu lino, m'dziko lililonse la chigawo chino, akumane ndi mabungwe osunga umwini wa nyimbo, ndi kudzipereka pa ntchito zitatu zimene tili nazo luso: kuthandiza kulemba malamulo okhudza chiyankhulo, kupeza oweruza oyenera pa chiyankhulo chilichonse, ndi kusunga mau a nyimbo zotumizidwa pamodzi ndi maina a eni ake ndi zaka zake.